Kukonza pabalaza pa magemu ndi TV m'nyumba ya lendi popanda kutaya dipoziti

Tsiku limene ndinkasamuka m'nyumba ina ku Area 25 mu Lilongwe, alandilodi anabwera ndi tochi masana, dzuwa likuswa mtengo. Anayendera chipinda chilichonse mwakachetechete, ndipo atafika pabalaza anayamba kuwerenga mabowo a pakhoma mokweza mawu ngati mwana wa sitandade 1. Anayi a bulaketi ya TV, awiri a shelefu yomwe ndinkaikapo PlayStation, ndi limodzi lalikulu pafelemu ya windo pomwe panadutsa waya wa dishi. Atamaliza anazimitsa tochi n'kunena kuti, "Achimwene, dipoziti ija ndiye yathera pompano." Ndinalibe mawu, chifukwa mabowowo ndinaboola ndekha, ndipo sindinawafunse.

Kuchokera tsiku limenelo ndimayendera mfundo imodzi: chilichonse chimene ndagula chizitha kukwera lole tsiku losamuka, khoma n'kutsala momwe ndinalipezera. Malangizo ali m'munsiwa atsamira pamenepo.

Yambani ndi soketi, sitolo ya TV ibwere pambuyo

Anthu ambiri amathamangira kukasankha sikirini yaikulu, koma chomwe chimapha zipangizozi kwathu kuno ndi magetsi. Musanawononge ndalama, imani pabalaza n'kuwerenga masoketi. Gwedezani lililonse. Lomwe likugwedera, lomwe lada ngati linapsapo, kapena lomwe limalira likalowetsedwa pulagi, limenelo musalidalire.

Kenaka itanani mmisiri wa magetsi adzayeze ngati masoketiwo ali ndi waya wa earth. Nyumba zambiri za lendi, makamaka zomangidwa mothamanga kuseri kwa nyumba yaikulu, zili ndi masoketi a mabowo atatu koma mkatimo muli mawaya awiri okha. Nthawi zina chizindikiro chake n'chakuti mukakhudza chitsulo cha kuseri kwa dikoda kapena m'mphepete mwa TV muli opanda nsapato, mumamva kanyerenyetsi m'zala. Nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa ekisitenshoni yoteteza ku magetsi obwera mwamphamvu imadalira waya umenewu potaya mphamvu yowonjezerayo. Popanda earth, chitetezo chomwe mwalipira ndalama zambiri chimakhala choperewera. Kukonza zimenezi ndi udindo wa mwini nyumba, choncho muuzeni, musangotsegula bokosi la magetsi panokha.

Funsaninso za mita. Ngati muli ndi mita yanuyanu ya ESCOM yogulira mayunitsi, palibe vuto. Koma ngati nyumba zitatu kapena zinayi za pa poloti imodzi zimasonkherana pa mita imodzi, dziwiranitu kuti mayunitsi akangotha msanga, chala chidzaloza kwa amene m'nyumba mwake mumamveka phokoso la mpira usiku. Dzitetezeni ndi masamu. Yuniti imodzi ndi mawati 1,000 oyaka kwa ola limodzi. PlayStation 5 (PS5) ikamaseweredwa imadya mawati pafupifupi 200, TV ya mainchesi 43 imadya pakati pa 60 ndi 80, masipika aang'ono mwina 30. Zonse pamodzi ndi mawati 300 kapena kupitirira pang'ono. Mukamasewera maola atatu tsiku lililonse, ndiye kuti mukudya pafupifupi yuniti imodzi patsiku, mayunitsi 27 mpaka 30 pamwezi. Ketulo ya magetsi payokha imakoka mawati 2,000, ndiye mayi amene amaphika nyemba pa hotipuleti kuyambira m'mawa asakuopsezeni. Anenereni manambalawa aneba anu poyambirira, mkangano usanabadwe.

Kambiranani ndi alandilodi, ndipo zilembedwe

Safunsa anadya phula. Pitani kwa mwini nyumba ndi mafunso atatu okha: kodi ndingaboole khoma, kodi ndingamangirire dishi kapena mlongoti penapake, ndipo kodi waya wa kunja ulowere pati. Akavomera pakamwa, atumizireni uthenga wa pa WhatsApp wobwereza zomwe mwagwirizana, iwo ayankhe. Munthu amene lero akuti "aaa, boolani bambo, nyumba ndi yanu iyi" ndi yemweyo adzaiwale zaka ziwiri zikubwerazi.

Tsiku lomwelo jambulani makoma onse ndi foni, makamaka ming'alu, madontho a denga ndi mabowo omwe anasiya amene ankakhalamo kale. Zithunzizo muwatumizirenso alandilodi. Zimatenga mphindi zisanu.

Malo oika TV

Sankhani khoma lomwe lili ndi soketi yabwino ija, ndipo lisayang'anizane ndi windo, apo ayi masana muzidzadzionera nkhope yanu pasikirini m'malo mwa mpira. Yang'ananinso kudenga. Ngati siling'i ili ndi chibanga chachikasu pamwamba pa malowo, ndiye kuti mu Januwale pamadontha. Sunthani.

Kukula kwa TV kuzitengera mtunda wa pakati pa mpando ndi khoma. Pabalaza pa nyumba zathu zambiri za lendi mtundawu sumapitirira mamita awiri ndi theka, ndipo pamenepo TV ya mainchesi 43 ndi yokwana, 50 ikakula. Ya mainchesi 65 imaoneka bwino m'sitolo, koma ganizirani kuikweza pa lole pa msewu wa fumbi wa ku Chirimba kapena ku Mtandire. Pakati pa sikirini pakhale molingana ndi maso anu mutakhala pansi pampando. Chizolowezi choipachika m'mwamba pafupi ndi denga ngati ya m'bala chimangopweteketsa khosi.

Tsono m'malo moboola khoma, pitani kwa owotcherera zitsulo akupangireni choimikira. Chimafunika tsinde lotambalala ndi lolemera, mzati wachitsulo, ndi mbale yomangirapo TV kumtunda. Kuseri kwa TV iliyonse yamakono kuli mabowo anayi a masikuluwu, ndipo mtunda wake umayezedwa m'mamilimita. Zambiri za msinkhu wapakati zimakhala 200 ndi 200, koma yezani yanu ndi tepi, manambalawo muwapatse owotcherera papepala. Masikuluwu akhale aafupi moyenera. Lalitali kwambiri limakaboola zamkati mwa TV. Ngati m'nyumba muli ana oyamba kuyenda, tsindelo lilowe pansi pa kabati kuti kulemera kwa kabati kulipanikize, chifukwa mwana akakoka waya TV imamugwera.

Kabatiyo apange kalipentala, koma muuzeni kuti kumbuyo kukhale kotsegula. Akalipentala athu amakonda kutseka ndi pulayiwudi ndi kuika zitseko za galasi kuti ioneke yapamwamba, ndipo mmenemo ndi momwe makina a magemu amapsera. Sony imalangiza kusiya mpata wa masentimita osachepera 10 kuzungulira PS5. Dziwaninso kuti PS5 yoyamba ija, yomwe inatuluka mu 2020, ndi yotalika masentimita 39, choncho mashelefu ambiri ogula kale sailandira itaimirira.

Kuteteza ku kuzimazima kwa magetsi

Apa ndiye pofunika kudekha, chifukwa ndalama zomwe mungasungire pano ndi zomwe mudzalirire pambuyo pake.

Magetsi akazima sindiye nthawi yoopsa kwambiri. Choopsa ndi pomwe akubwerera, chifukwa nthawi zina amafika ndi mphamvu yopitirira mavoti 230 omwe zipangizo zathu zimayembekezera, kapena amayaka n'kuzima kangapo motsatizana. Pa soketi ya pakhoma lowetsani kaye kachipangizo kamene m'masitolo amakatchula kuti TV guard. Kamadula magetsi akakwera mopitirira, ndipo akabwerera kamadikira kaye kanthawi kasanawalole kudutsa. Pa iko ndi pomwe mulowetse ekisitenshoni yolimba, ya waya wonenepa, yokhala ndi fyuzi mu pulagi yake. Zija zopepuka ngati chikho cha pulasitiki zomwe amagulitsa pamsika pamodzi ndi mabatire a tochi, zisiyireni kutchajira foni. Ekisitenshoni ya TV isalowetsedwe ayironi, ketulo kapena hita ngakhale kamodzi. Soketi imodzi ya ma amp 13 imanyamula mawati pafupifupi 3,000, ndipo ayironi ndi ketulo pamodzi zimapyola kale pamenepo. Musalumikizenso ekisitenshoni pa inzake.

Makina a magemu ali ndi vuto linanso. Magetsi akazima makinawo akusunga gemu kapena akulandira update, mafayilo amatha kuwonongeka. Amene ali ndi PS4 amaudziwa uthenga wodzudzula uja umene umabwera poyatsa, wonena kuti makinawo sanazimitsidwe bwino, kenaka kamzere n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono mtima uli m'mwamba. Nthawi zambiri amadzikonza okha, koma tsiku lina mudzapeza kuti ligi yomwe munaisewera miyezi itatu yapita. Mankhwala ake ndi UPS yaing'ono ya m'maofesi ija, kabokosi ka batire kamene kamapitiriza kupereka magetsi akazima. Ntchito yake si kukupatsani maola osewera ayi. Imangokupatsani mphindi zochepa zoti musunge gemu ndi kuzimitsa bwinobwino. Poigula onani mawati ake, osati nambala ya VA yokha. Ya 650VA nthawi zambiri imanyamula mawati pafupifupi 360, zomwe zimakwana PS4 ndi TV, koma pa PS5 ndi TV yaikulu tengani ya 1,000VA kapena kuposerapo. Ndipo musamasiye makinawo pa rest mode, pomwe amakhala ngati agona koma asanazime, mukamapita kuntchito. Kumayiko komwe magetsi sazima njira imeneyi ndi yabwino, kuno zimitsani kotheratu.

Ngati mukufuna kupitiriza kusewera mumdima, mufunika inveta ndi batire. Masamu ake ndi awa. Batire ya mavoti 12 ya 100Ah imasunga mawati 1,200 a ola limodzi. Ngati ndi ya mtundu wakale wa asidi kapena gel, musamaigwiritse kupyola theka, apo ayi siikhalitsa, ndiye mwatsala ndi 600. Inveta nayo imadyako pang'ono, mutsala ndi 500 kapena kuposa pang'ono. Pa katundu wa mawati 300 uja, ndi ola limodzi ndi theka basi. PS4 Slim ndi TV ya mainchesi 32 zimadya pafupifupi theka la zimenezo, choncho zimafika maola atatu. Batire ya lithium imalola kuigwiritsa pafupifupi yonse ndipo ndi yopepuka ponyamula, koma mtengo wake ndi wowawa. Inveta ikhale ya pure sine wave. Zotchipa zija zimachititsa masipika kulira ngati njuchi ndipo zimatenthetsa zipangizo. Kwa wa lendi, inveta isalumikizidwe ku mawaya a nyumba. Ikhale payokha pakona, yotchajira pa soketi, zipangizo n'kulowetsedwa pa iyo. Batire ya asidi ikhale pomwe pakudutsa mphepo.

Za mphenzi palibe chipangizo chomwe ndimachikhulupirira. Kuyambira Novembala mpaka Epulo, mabingu akangoyamba kugunda, zulani pulagi pakhoma ndi waya wa dishi kapena wa mlongoti kuseri kwa dikoda. Mphenzi imakonda kulowera pa waya umenewo, n'kudutsa mu HDMI, waya wolumikiza dikoda ndi TV, mpaka kukafika mu TV.

Kusankha makinawo

Maganizo anga ndi akuti kuno gulani makina olowa chimbale. Xbox Series S ndi PS5 Digital Edition ndi zotchipirapo, koma zilibe polowetsa chimbale, kutanthauza kuti gemu iliyonse muyenera kuikoka pa intaneti. Magemu a masiku ano amatenga 40GB, 60GB, ena kupyola 100GB. Werengerani mtengo wa bandulo ndipo muona kuti kutchipa kuja kwathera kuti. Chimbale mutha kubwerekana ndi mnzanu, kusinthanitsa kapena kugulitsa mukatopa nacho. Ngati cholinga chanu ndi mpira wa Loweruka ndi anzanu, uja timautchabe FIFA ngakhale kuti kuyambira 2023 dzina lake ndi EA Sports FC, PS4 yosamalidwa bwino ikukwanirani ndithu.

Pogula yogwiritsidwapo kale ntchito, musalipire isanayake pamaso panu kwa mphindi 20 gemu ikuyenda. Mverani fani. Ikamalira ngati ndege yonyamuka pa Chileka, mkatimo mwadzaza fumbi kapena yakalamba. Yesani chimbale kulowa ndi kutuluka. Pa mapadi, siyani timitengo tija osakhudza muone ngati wosewera wa pasikirini akuyenda yekha. Funsaninso ngati makinawo anawachita jailbreak, kutanthauza kuwathyola chitetezo kuti azisewera magemu okopera. Amenewo amabwera odzaza ndi magemu, koma simungasewere nawo pa intaneti, ndipo mukangowapanga update zonse zija zimasiya kutseguka.

Katundu wochokera ku Joni amabwera ndi pulagi ya mano atatu ozungulira, pomwe masoketi athu ndi a mano amakona ngati a ku Britain. Musamakankhire ndi chotokosera kapena kudalira adaputala yogwedera. Gulani waya wina wa pulagi yathu, kapena mmisiri adule n'kuikapo ya kuno ya fyuzi. Wochokera ku America ndiye werengani kaye kalebulo. PS4, PS5 ndi ma Xbox atsopano amalandira mavoti 100 mpaka 240, koma Xbox 360 ndi Xbox One yoyamba zili ndi chibokosi cha magetsi chapadera, ndipo cha ku America chimafuna mavoti 110 mpaka 120 okha. Mukachilowetsa pa soketi yathu chimaphulika nthawi yomweyo. TV za kumeneko nazonso zina ndi za 120 basi.

Potsegula akaunti ya PlayStation mupeza kuti Malawi palibe pa mndandanda wa mayiko, ndiye ambiri amasankha South Africa. Dziko lomwe mwasankha silisinthika, ndipo makadi ogulira magemu ayenera kukhala a dziko lomwelo.

Kulumikiza mawaya

Zimitsani zonse kaye. Makina a magemu alowe molunjika mu TV ndi waya wa HDMI womwe anabwera nawo, dikoda pa HDMI ina. Ngati muli ndi soundbar, sipika yaitali yoika pansi pa TV, ilowe pa doko lolembedwa ARC, kuti mawu a chilichonse chomwe chikuoneka pa TV azitulukira mmenemo ndipo rimoti imodzi izikweza ndi kutsitsa. Mukayatsa, fufuzani Game Mode mu zokonzera za chithunzi. Popanda imeneyi TV imachedwetsa chithunzi pofuna kuchikongoletsa, ndipo mumadina batani wosewera n'kumenya mpira mochedwa. Ogulitsa akakuuzani za HDMI 2.1 ndi 120Hz, dziwani kuti ndi zabwino koma si zofunikira. TV ya 60Hz yokhala ndi Game Mode imasewereka bwino lomwe.

Waya aliyense mumatireni kapepala kumapeto konse kuwiri kolemba dzina lake. Amangeni pamodzi kuseri kwa mzati wa choimikira chija, ndipo magetsi adutse mbali ina, a zithunzi ndi mawu mbali ina. Pansi pasagone waya, makoswe amatafuna ndipo madzi okolopera amafikapo. Chenjerani ndi zomatira pakhoma: penti ya nyumba zambiri za lendi ndi yopyapyala, yopakidwa pa laimu, ndipo selotepi yamphamvu imachoka ndi chigamba chonse. Yesani kaye kuseri kwa chitseko. Waya wofunika kupita chipinda china adutse m'munsi mwa khoma ndi pansi pa chitseko, alipo ena aphwatalala opangidwira zimenezo.

Intaneti ndi dishi

Musanagule rauta, yesani simu ya Airtel ndi ya TNM m'nyumbamo madzulo cha m'ma 8 koloko, nthawi yomwe aliyense ali pafoni. Netiweki imasiyana nyumba ndi nyumba, ngakhale windo ndi windo. Rauta ikhale pawindo lomwe ikugwira bwino, ndipo kuchokera pamenepo kokani waya wa intaneti (LAN) mpaka pa makina. Posewera ndi anthu akutali chofunika si liwiro lokokera zinthu lokha koma ping, nthawi yomwe uthenga umatenga kupita ndi kubwerera. Waya umaikhazika pansi kuposa Wi-Fi. Gemu ikakupatsani mwayi wosankha seva, sankhani ya ku South Africa, chifukwa za ku Ulaya zili kutali. Intaneti ya pa simu nthawi zambiri imaonetsa NAT Type 3, zomwe zimavutitsa kupeza anzanu osewera nawo kapena kulankhulana nawo, ndipo zimenezi zimachokera ku kampani, osati makina anu. Starlink, yomwe inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, ili ndi ubwino umodzi kwa wa lendi: mbale yake imatha kukhala pansi pabwalo pomwe kumwamba kuli poyera, ndipo mumasamuka nayo.

Chinthu choyamba kuchita makina akangolumikizidwa ndi kuzimitsa zokoka ma update paokha. Mukapanda kutero bandulo ya mwezi wonse itha usiku umodzi inu muli mtulo.

Dishi ya DStv siifunika kukhomedwa pakhoma. Thirani simenti m'tayala lakale kapena m'theka la mgolo, imikanimo paipi yachitsulo yowongoka bwino, ikauma woika dishi amangirire pamenepo. Ndi yolemera moti mphepo siisuntha, koma amuna awiri amaigubuduza mpaka pa lole. Mlongoti wa GOtv kapena wa Kiliye Kiliye umangofuna paipi yaitali yomangiriridwa ku mpanda. Waya ulowere pa njerwa za mphepo zija za pamwamba pa windo.

Phokoso, fumbi, mphemvu ndi akuba

M'nyumba zogundizana khoma, chomwe chimasowetsa aneba tulo ndi kugunda kwa besi, osati mawu. Sabuufa isagunde khoma logawana ndi anzanu, ndipo muiike pa kapeti kapena pa thonje lokhuthala. Ikakwana 9 koloko usiku lowetsani mahedifoni pa padi, doko lake lilipo kale. Kukuwa kwa anzanu chigoli chikalowa ndiye ndilibe nako mankhwala.

Mu Okutobala fumbi ndi kutentha zimagwirizana. Kamodzi pa sabata pukutani timabowo ta mphepo ndi burashi youma makina atazima. Kansalu kophimbira kaziikidwa pokhapokha atazizira, osati akuyaka. Makinawo asakhale pansi, ndipo pafupi nawo pasamadyeredwe. Mphemvu zimakonda kutentha ndi mdima wa mkati mwa PS4, ndipo zikakhudza mbali ya magetsi imapsa. Amisiri okonza amazipeza zitaunjikana mmenemo. Mankhwala ophera tizilombo musawapopere mkati, thirani m'chipinda makina mutawatulutsa.

Katoni ya TV musaitaye kudzala, chifukwa mwalengeza kwa mudzi wonse zomwe zalowa m'nyumba. Ikani pamwamba pa wadiropu kapena pansi pa bedi pamodzi ndi zoyera zofewa zija, mudzaifuna. Jambulani nambala ya siriyo ya chipangizo chilichonse ndi malisiti ake, ndipo madzulo tsekani makatani musanayatse TV.

Tsiku losamuka, tulutsani chimbale m'makina musanazule pulagi, jambulani kuseri kwa TV kuti mudzakumbukire momwe mawaya analowera, ndipo muike mawaya onse, marimoti ndi masikuluwu anayi aja m'chikwama chimodzi chomwe munyamule nokha. TV ibwerere m'katoni yake ndipo iyende choimirira, yopanikizidwa pakati pa matiresi awiri. Anyamata okweza katundu adzafuna kuigoneka pamwamba pa sofa kuti malo akwane. Akanizeni, chifukwa galasi logonekedwa limasweka pa bampu yoyamba. PlayStation ikhale pamiyendo panu kutsogolo ndi adalaivala.